Mavavu Oyendera Mpweya a M'mafakitale: Mafunso ndi Mayankho

M'fakitale iliyonse momwe madzi, nthunzi, mafuta, gasi kapena mankhwala zimayenda m'mapaipi, mumapezeka mavavu okhala ndi chimutu chachitsulo chobulungira pamwamba, ndi kapaipi kowonda kobweretsa mpweya. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ophunzira ndi amisiri ongoyamba kumene amakonda kufunsa akakumana nawo mavavu amenewa.

Kodi vavu yoyendera mpweya ndi chiyani, ndipo ikusiyana pati ndi vavu wamba?

Vavu wamba imadikira munthu kuti adzazungulitse gudumu lake, ndipo kawirikawiri imakhala yotsegula kapena yotseka, basi. Vavu imene tikunena pano, yomwe amisiri amaitchula kuti control valve, imaswera pakati, pena yatseguka pang'ono, pena kwambiri, malinga ndi zomwe ntchito ikufuna pa mphindi imeneyo. Chimene chimaiyendetsa ndi mpweya wopanikizidwa wochokera ku kompuresa.

Siigwira ntchito payokha. Chipangizo choyezera chimaona kutentha, presha, mlingo wa m'thanki kapena kuchuluka kwa zodutsa m'paipi. Controller, yomwe masiku ano imakhala m'makompyuta oyendetsa makina otchedwa PLC kapena DCS, imayerekeza muyezowo ndi mlingo wofunidwa n'kutumiza lamulo. Vavu imachita zomwe yalamulidwa, muyezo umasintha, controller imaonanso, ndipo zimapitirira choncho usana ndi usiku. Pa zitatuzi, vavu yokha ndiyo imasuntha ikulimbana ndi madzi, kutentha ndi presha, n'chifukwa chake mavuto ambiri a kayendetsedwe ka makina amakathera pa iyo.

Ili ndi zigawo zanji?

Pansi pali thupi, lomwe limamangidwa pa paipi ndipo limasenza presha yonse. Limapangidwa ndi chitsulo cha carbon steel, chitsulo chosachita dzimbiri kapena zitsulo zina zapadera ngati zodutsamo zili zowononga. Pamwamba pa thupi pali chivundikiro chotchedwa bonnet, chomangidwa ndi mabawuti.

M'kati ndi momwe muli nkhani. Muli mphete yotchedwa seat, momwe madzi amadutsa, ndi pulagi yomwe imatsika kudzakhala pa mpheteyo kapena kukwera n'kusiya mpata. Pulagi imalumikizidwa ku ndodo yachitsulo yosalala, stem, imene imatulukira kunja kudzera mu bonnet. M'mavavu ambiri pulagi imayenda m'kati mwa cage, chitsulo choboolaboola chomwe chimaiwongolera komanso chimagawa madzi. Zam'kati zonsezi pamodzi amazitcha trim, ndipo ndizo zimasinthidwa vavu ikaperepeseka, thupi likadali labwinobwino.

Pomwe ndodo imatulukira pali packing, timphete tofinyidwa totsekereza madzi kuti asatuluke motsata ndodoyo. Timphete ta PTFE, mtundu wa pulasitiki, timaterera bwino koma timagonja kutentha kukapyola pafupifupi madigiri 200. Ta graphite timapirira moto woposa pamenepo, koma timagwira ndodo mwamphamvu. Kagawo kameneka n'kakang'ono ndipo anthu amakanyozera, komabe tikapezanso m'munsimu tikamakamba za mavavu ovuta.

Pamwamba pa zonse pali actuator, chimutu chija, chomwe chimasandutsa mpweya kukhala mphamvu yokankha. Pambali pake pamamangidwa positioner yoonetsetsa kuti ndodo yaima pomwe yalamulidwa, regulator yochepetsa presha ya mpweya yokhala ndi sefa yake, ndipo nthawi zina solenoid (kavavu kamagetsi kotsegula kapena kutseka mpweya), timasiwichi touza kuti vavu yafika kumapeto, ndi gudumu loyendetsera pamanja zikavuta.

Mpweya ungakankhe bwanji chitsulo cholimbana ndi presha yonseyo?

Chinsinsi chake ndi kukula kwa malo omwe mpweyawo ukukankha. M'kati mwa chimutu chija muli diaphragm, nsalu yolimba yokutidwa ndi labala, yoyalidwa pa mbale yachitsulo. Mbali imodzi kuli mpweya, mbali inayo kuli sipuling'i imodzi yaikulu kapena zingapo zing'onozing'ono. Presha ya 1 bar (bar ndi muyezo wa presha) imakankha ndi mphamvu ya 10 N (newton, muyezo wa mphamvu) pa cm² iliyonse. Ndiye pa diaphragm ya 700 cm², 1 bar yokhayo imatulutsa 7,000 N, pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 700. Mpweya wofooka, koma pamalo aakulu.

Sipuling'i ikamafinyidwa imabwezera mowonjezereka, choncho ndodo imaima pomwe mphamvu ya mpweya yafanana ndi ya sipuling'i. Mukawonjezera mpweya pang'ono, ndodo imasuntha pang'ono n'kuimanso. Kulimbana kwa ziwirizi ndiko kumachititsa kuti vavu izitha kuima pakati m'malo mongothamangira kumapeto. Presha yomwe ndodo imayambira kuyenda ndi yomwe imamalizira ulendo wake, vavu isanaikidwe pa paipi, amaitcha bench set, ndipo imalembedwa pa kachitsulo ka pa actuator.

Koma pali wachitatu pa mpikisanowu: madzi omwe akudutsa. Taganizirani seat yotakata mamilimita 50, yomwe malo ake ndi pafupifupi 20 cm². Ngati presha ya kolowera madzi ikuposa ya kotulukira ndi 20 bar, madziwo akukankha pulagi m'mwamba ndi mphamvu ya 4,000 N. Sipuling'i yoyambira pa 0.2 bar pa diaphragm yathu ija imangopereka 1,400 N, ndiye vavuyo siingatseke, ingoyandama. Pafunika sipuling'i yoyambira pa 0.8 bar, yopereka 5,600 N, kapena pulagi yokhala ndi mabowo ofananitsa presha ya pansi ndi ya pamwamba pake. Apa ndi pomwe anthu amapusitsidwa ndi vavu yoyenda bwino pa benchi la mu wekishopu koma yokanika ikaikidwa pa paipi.

Pomwe pakufunika mphamvu yochuluka kapena ulendo wautali, m'malo mwa diaphragm amaikapo pisitoni yoyenda mu silinda, yomwe imalandira presha yonse ya kompuresa, 6 kapena 7 bar. Mavavu ozungulira amagwiritsa ntchito rack and pinion kapena scotch yoke, njira ziwiri zosandutsira kukankha kukhala kupotokola.

Bwanji osangoika mota yamagetsi?

Ma actuator amagetsi alipo ndipo ali ndi malo awo, makamaka kutali komwe kulibe kompuresa. Koma mpweya uli ndi zabwino zovuta kuzipeza kwina. Suthetheka, choncho ndi wodalirika pamalo a gasi ndi mafuta oyaka msanga. Actuator ya diaphragm ili ndi zigawo zochepa, ilibe magiya, imasuntha msanga, ndipo siitentha ngakhale izisintha malo kambirimbiri pa ola. Choposa zonse ndi sipuling'i ija, yomwe imasunga mphamvu yobwezera vavu pamalo otetezeka popanda batire kapena waya.

Kuipa kwake n'kwakuti mpweya wopanikizidwa ndi wodula. Magetsi ambiri omwe kompuresa imadya amathera m'kutentha, ndipo kabowo kalikonse kotulutsa mpweya ndi ndalama zongotayika.

Manambala akuti 3–15 psi ndi 4–20 mA amatanthauza chiyani?

Ndi chinenero chomwe controller imalankhulira ndi vavu. Kale zonse zinkayendera mpweya, kuyambira choyezera mpaka controller yeniyeniyo, ndipo uthenga unali presha ya pakati pa 3 ndi 15 psi (muyezo wina wa presha), yomwe ndi 0.2 mpaka 1 bar. Magetsi atalowa m'malo, uthenga unasanduka 4 mpaka 20 mA (milliampere, muyezo wa magetsi oyenda m'waya). Ziwirizi zimayenderana ndendende: 4 mA ndi 3 psi, 12 mA ndi 9 psi kapena kuti theka la ulendo, 20 mA ndi 15 psi. Chipangizo chomasulira magetsi kukhala mpweya chimatchedwa I/P converter, ndipo masiku ano nthawi zambiri chimakhala m'kati mwa positioner.

Mwina mwaona kuti sayambira pa ziro. Anachitira dala. Waya ukaduka, mita imaonetsa 0 mA, ndipo aliyense amadziwiratu kuti pavuta, chifukwa lamulo lenileni silitsika pansi pa 4. Komanso ma 4 mA amenewo ndi omwe positioner yamakono imadya kuti igwire ntchito, motero mawaya awiri okha amanyamula uthenga ndi mphamvu yomwe.

Mpweya ukatha mwadzidzidzi, vavu imatani?

Pa mafunso onse ali pano, ili ndi lomwe ndingakonde kuti wina aliyense wogwira mavavu aziliyankha osaganiza kawiri. Mpweya ukachoka, sipuling'i imatsala yokha, ndipo imakankhira ndodo mbali yomwe wopanga anaikonzera. Ngati mpweya umalowa pansi pa diaphragm n'kumakweza ndodo, ukatha sipuling'i imatsitsa pulagi ndipo vavu ya globe, ya pulagi yokwera ndi kutsika, imatseka. Ngati umalowa pamwamba n'kumatsitsa ndodo, ukatha vavu imatseguka. Zitsanzo zodziwika ndi ma actuator a Fisher 667, omwe mpweya umalowa pansi, ndi 657, omwe umalowa pamwamba. Pa zojambula za mapaipi mudzaona zilembo FC pa vavu yotseka mpweya ukatha, FO pa yotseguka, ndi FL pa yoima pomwe inali.

Kusankha pakati pa izi si nkhani ya mtengo kapena ya vavu yomwe ilipo m'sitolo ya fakitale. Funso ndi lakuti: makina onse atazima pompano, popanda munthu pafupi, ndi mbali iti yomwe siingaphe munthu kapena kuwononga makina? Vavu yopereka mafuta kapena gasi ku boila iyenera kutseka, kuti moto uzime. Vavu ya nthunzi yotenthetsa thanki ya mankhwala iyeneranso kutseka. Koma vavu ya madzi oziziritsa thanki yomweyo iyenera kutseguka, chifukwa mankhwala ena akayamba kuphatikizana amatulutsa kutentha okha, ndipo mukawamana madzi ozizira amaphulitsa thanki. Mavavu awiri pa thanki imodzi, ofanana maonekedwe, koma masipuling'i awo akukankhira kosiyana. Munthu akawasinthanitsa pokonza, n'kutembenuzanso uthenga mu positioner kuti ziziyenda, zonse zimaoneka bwino kwa miyezi kapena zaka, mpaka tsiku lomwe kompuresa idzaime.

Pisitoni yolandira mpweya mbali zonse ziwiri ilibe sipuling'i, ndiye payokha ilibe kolowera. Amaiikira kathanki kosungira mpweya ndi kavavu kamene kamazindikira kuti presha yagwa n'kutsegulira mpweya wosungidwawo, kapena kavavu kotsekera mpweya m'kati kuti pisitoni iime. Dziwani kuti kuima kotereku n'kwa kanthawi, chifukwa mpweya wotsekeredwa umapeza potulukira pang'onopang'ono.

Kumbukiraninso kuti kutha kwa mpweya, kuduka kwa uthenga wa 4–20 mA ndi kuzima kwa magetsi a solenoid ndi mavuto atatu osiyana. Vavu yoikidwa bwino imalowera mbali imodzi pa onse atatu, ndipo njira yotsimikizira ndi kuyesa lililonse palokha.

Ngati mpweya ndi sipuling'i zimaimika ndodo pakati, positioner ndi yachiyani?

Chifukwa pa paipi zinthu siziyenda monga papepala. Packing imagwira ndodo, presha ya madzi imasinthasintha, sipuling'i imafooka ndi zaka. Mutatumiza 9 psi mwachindunji ku diaphragm, ndodo ikhoza kuima pa 44 peresenti pokwera ndi pa 55 potsika, m'malo mwa 50. Positioner imathetsa zimenezi poyang'ana pomwe ndodo ilidi. Imalandira lamulo, imayeza malo a ndodo kudzera pa kamkono kolumikizidwa ku ndodoyo kapena pa maginito, ndipo ikaona kusiyana imawonjezera kapena kutulutsa mpweya mpaka ziwirizo zifanane. Siisamala kuti pafunika presha yochuluka bwanji. Imapereka yonse yomwe regulator yailola, bola ndodo ifike.

M'kati mwa ma positioner akale, ngakhalenso ambiri atsopano, muli kachipangizo kanzeru kotchedwa flapper ndi nozzle. Mpweya umadutsa pa kabowo kopanikiza n'kutulukira pa kamlomo kakang'ono, ndipo patsogolo pa kamlomoko pali kachitsulo kopyapyala. Kachitsuloko kakayandikira, mpweya umasowa potulukira ndipo presha ya kumbuyo imakwera. Kakatalikira, presha imagwa. Kusuntha kosaoneka n'komwe ndi maso kumasintha presha kuchokera pansi mpaka pamwamba, kenaka kachipangizo kena kotchedwa relay kamakulitsa mpweyawo kuti ukwanire kudzaza actuator. Kabowo kopanikiza kaja n'kochepa kwambiri, ndipo ndiko kamayamba kutsekeka mpweya ukakhala wauve.

Ma positioner a digito amadziyesa okha poyendetsa vavu kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, amawerenga maulendo omwe ndodo yayenda, ndipo amajambula kugwirizana kwa presha ndi malo a ndodo. Mukasunga chojambula cha tsiku lomwe vavu inali yatsopano n'kuchiyerekeza ndi cha lero, mumaona ngati packing yauma, sipuling'i yathyoka kapena seat yadyeka, musanamasule bawuti ngakhale limodzi. Ambiri amalankhula kudzera mu HART, njira yomwe inayambitsidwa ndi kampani ya Rosemount m'zaka za m'ma 1980, imene imakweza uthenga wa digito pamwamba pa 4–20 mA pa mawaya omwewo. Ena amagwiritsa ntchito njira zina za digito, Foundation Fieldbus kapena Profibus PA.

Positioner imalolanso kugawa lamulo limodzi ku mavavu awiri, mwachitsanzo 4 mpaka 12 mA kuyendetsa vavu ya madzi ozizira ndipo 12 mpaka 20 mA kuyendetsa ya nthunzi.

Pali mitundu ingati ya thupi la vavu?

Yodziwika kwambiri ndi globe, ya pulagi yokwera ndi kutsika. Madzi amakhota kawiri m'kati mwake, choncho imadya presha yambiri, koma imawongolera mwaluso ndipo imapirira presha yaikulu. Butterfly ndi mbale yozungulira m'kati mwa paipi, yopepuka ndi yotsika mtengo pa mapaipi aakulu, ngakhale kuti kuwongolera kwake kwabwino kuli pa kachigawo kochepa ka ulendo wake. Ball, ya mpira wodulidwa ngati chilembo V, imadula ulusi ndi zinyalala potseka, n'chifukwa chake imakondedwa m'mafakitale a mapepala. Palinso ya pulagi yozungulira mopendekeka, yabwino pa madzi a mchenga, ndi ya diaphragm ya mtundu wa Saunders, yomwe labala kapena PTFE imalekanitsa madzi ndi zitsulo zoyenda, yopezeka kwambiri popanga mankhwala a m'chipatala ndi zakudya.

Kodi vavu imasankhidwa potengera kukula kwa paipi?

Ayi, ndipo chizolowezi chimenechi chawononga ntchito zambiri. Vavu imasankhidwa potengera kuchuluka kwa zomwe ziyenera kudutsa ndi presha yomwe ilipo yoti vavuyo idye. Muyezo wake ndi Kv, kutanthauza ma m³ a madzi odutsa pa ola limodzi presha ikagwa ndi 1 bar pa vavuyo. Ku America amagwiritsa ntchito Cv, yomwe kampani ya Masoneilan inayambitsa mu 1944: magaloni a ku America odutsa pa mphindi imodzi presha ikagwa ndi 1 psi. Cv imakhala pafupifupi Kv kuchulukitsa ndi 1.156.

Madzi odutsa sakwera mofanana ndi presha. Vavu ya Kv 40 imadutsitsa 40 m³ pa ola presha ikagwa ndi 1 bar, koma kuti idutsitse 80 pafunika kugwa kwa 4 bar, osati 2. Pa gasi ndi nthunzi masamu amakula chifukwa izo zimafinyika, ndipo malamulo ake ali mu muyezo wa dziko lonse wa IEC 60534.

Vuto lofala ndi vavu yaikulu mopyola. Wowerengera ntchito amawonjezera pang'ono kuti asadzachepekedwe, wosankha pampu amawonjezeranso, wogula amatenga saizi yotsatira, ndipo mapeto ake vavu imagwira ntchito yonse itatseguka ndi 5 kapena 10 peresenti yokha. Pamenepo kusuntha pang'ono kumasintha madzi kwambiri, controller imasowa mtendere, ndipo madzi othamanga pa kampata kopapatiza amadya seat ndi pulagi. Vavu yoyenera imathera nthawi yake yambiri pakati pa 20 ndi 80 peresenti, ndipo si zachilendo kuti ikhale yocheperapo kuposa paipi yake. Musadabwe mukaona paipi ikuning'a pofika pa vavu n'kukulanso kutsogolo.

Mawu akuti linear, equal percentage ndi quick opening pa kachitsulo ka vavu akunena chiyani?

Akunena za kasemedwe ka pulagi kapena mabowo a cage, komwe kumalamula mmene mpata umakulira ndodo ikamakwera. Pa linear, theka la ulendo limapereka theka la madzi. Quick opening imapereka pafupifupi zonse ikangoyamba kutseguka, ndipo imayenera ntchito zongotsegula ndi kutseka. Equal percentage ndiyo imadabwitsa ongoyamba: sitepe iliyonse yofanana imawonjezera gawo lofanana la madzi omwe akudutsa kale. Pa vavu yomwe kuchuluka kwake kwa pamwamba kumaposa kwa pansi ka 50, kukwera kulikonse kwa 10 peresenti kumawonjezera madzi ndi pafupifupi 48 peresenti, ndipo pa theka la ulendo pamadutsa pafupifupi 14 peresenti yokha.

Zingaoneke ngati zokhota, koma pali chifukwa. Madzi akamachuluka m'paipi, paipiyo, makona ake ndi zida zina zimadya presha yambiri, pampu nayo imafooka, ndipo vavu imatsala ndi yochepa. Pulagi ya equal percentage imabwezera zimenezi potsegula kwambiri chakumapeto, motero zonse zikaphatikizana kayendedwe kamakhala kowongoka. Linear imayenera pomwe presha ya pa vavu siisintha kwenikweni.

Ikatseka, imatsekeratu?

Kawirikawiri ayi, ndipo sikuti yawonongeka. Miyezo ya ANSI/FCI 70-2 ndi IEC 60534-4 imagawa kudontha kololedwa m'magulu. Class II imalola 0.5 peresenti ya zomwe vavuyo imadutsitsa itatseguka yonse, Class III 0.1 peresenti, ndipo Class IV, yomwe ndi ya mavavu ambiri a chitsulo pa chitsulo, 0.01 peresenti. Ndiye vavu yodutsitsa 100 m³ pa ola pa presha yoyesera ikhoza kudontha malita 10 pa ola ili yatsopano n'kukhala kuti yakhoza mayeso. Class V ndi yothina kwambiri, ndipo Class VI, ya seat yofewa, imayezedwa powerenga timathovu ta mpweya.

Choncho musadalire control valve kuti ikutetezeni pamene mukumasula paipi. Ntchito imeneyo ndi ya mavavu otsekera a pamanja, omwe amaikidwa kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Momwemonso, pamalo oopsa pamakhala vavu ina yapadera yotseka pangozi, yosadalira vavu yowongolera.

N'chifukwa chiyani mavavu ena amalira ngati m'paipi mukudutsa timiyala?

Imeneyo ndi cavitation, ndipo phokosolo ndi chitsulo chikudyeka. Madzi akamadutsa pampata wopapatiza amathamanga, ndipo liwiro likakwera presha imagwa. Ikagwa kufika pomwe madziwo amawira pa kutentha komwe ali nako, mumabadwa timathovu ta nthunzi, ngakhale madziwo ali ozizira. Kutsogolo pang'ono mpata umakula, liwiro limatsika, presha imabwerera, ndipo timathovu tija timaphwanyikira m'kati mwamphamvu zedi. Tikaphwanyikira pa chitsulo timachibowola pang'onopang'ono mpaka pulagi imasanduka yokakala, yodzaza timaenje.

Ngati presha ya kutsogolo siibwerera mokwanira, timathovuto sitiphwanyika ndipo madzi amatuluka atasakanikirana ndi nthunzi. Kumeneko ndiye flashing. Iyo imaperepesa chitsulo mosalala, monyezimira, motero mukamasula vavu maonekedwe a bala amakuuzani amene walakwa pa awiriwa. Kusiyanitsa n'kofunika chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Cavitation ingathetsedwe: trim yogwetsa presha m'masitepe angapo, kusamutsira vavu pamalo otsika pomwe presha ya kutsogolo ili yokwera, kapena kuika globe m'malo mwa butterfly ndi ball, zomwe zimagwidwa msanga ndi vutoli. Flashing siingathetsedwe ndi vavu, chifukwa imachokera ku presha ya kutsogolo. Chomwe mungachite ndi kuipirira: thupi lokhota ngati kona lotulutsira madzi molunjika, ndi zitsulo zolimbitsidwa monga Stellite, yosakaniza cobalt ndi chromium.

Pa gasi ndi nthunzi phokoso limachokera ku liwiro lofika pa la mawu. Mafakitale ambiri amayesetsa kuti lisapyole 85 dBA (muyezo wa phokoso), pogwiritsa ntchito cage ya timabowo tambirimbiri tomwe timagawa mpweya umodzi waukulu kukhala timitsinje tating'ono.

Mpweya wa kompuresa iliyonse ungagwire ntchito?

Ungayendetse vavu lero, koma udzaipha. Mpweya ukapanikizidwa n'kuzizira umatulutsa madzi, ndipo kompuresa zambiri zimalavulanso oyilo. Madzi amabweretsa dzimbiri m'mapaipi ndipo kumalo ozizira amaundana, oyilo amafewetsa labala ndi kumata fumbi, ndipo zonsezi zimakathera pa kabowo kakang'ono ka mu positioner. Muyezo wa ISA-7.0.01 umafuna kuti tizidutswa tisapose ma micron 40 (mamilimita 0.04), oyilo asapose 1 ppm (gawo limodzi pa miliyoni), ndipo kutentha komwe mpweyawo umayambira kuchita mame kukhale kotsika ndi madigiri 10 kuposa kuzizira kwakukulu kwa pamalopo. Chowumitsira choziziritsa chimafikitsa mlingo umenewu pa pafupifupi madigiri 3, pomwe cha desiccant, chokhala ndi timiyala toyamwa chinyezi, chimafikitsa pa −40.

Vavu ikayamba kuvuta, musanaimbe mlandu positioner, tsegulani kotayira madzi pansi pa regulator muone chomwe chituluke. Ndi ntchito ya kamphindi, koma imalongosola zambiri.

Vavu yathu imangokwera ndi kutsika osakhazikika. Vuto lili pati?

Ikani controller pamanja kuti lamulo liime. Ngati ndodo ikugwederabe, vuto lili pa positioner, pa kamkono kake kolobodoka kapena pa mpweya wotuluka penapake. Ikakhazikika, yambani kusintha lamulo pang'onopang'ono, 1 peresenti nthawi imodzi, mukuyang'ana ndodo. Vavu yabwino imatsatira sitepe iliyonse. Yodwala imakana kawiri kapena katatu, kenaka n'kudumpha kupyola pomwe imafunika. Matenda amenewa amatchedwa stiction. Ndodo imakakamira, presha imaunjikana mu actuator, ikamasuka imapitirira, controller imalamula kuti ibwerere, imakakamiranso, ndipo gule wake satha.

Gwero lake kawirikawiri ndi packing ija. Wina anaona kadontho pa ndodo n'kumanga manati mopyola, kapena ndodo yakalika, yapindika, kapena yamera zokhakhala. Kuchepetsa liwiro la controller kumangobisa vutoli, sikulichiza. Sinthani packing, mangani manati mofanana mbali zonse pa mlingo womwe wopanga ananena, ndipo pomwe kutentha kumasinthasintha ganizirani packing yokhala ndi timasipuling'i tosunga kuthina kwake. Ngati vavu ikutsatira bwino sitepe iliyonse koma makina akugwederabe, yang'anani ngati siili yaikulu mopyola, ndipo pambuyo pake m'pomwe mungakhudze manambala a controller.

Vavu yaikulu yochedwa kuyankha ndi nkhani ina: positioner siikwanitsa kudzaza actuator msanga, ndipo pafunika volume booster, chipangizo chochulukitsa mpweya wopita ku actuator, kapena kapaipi ka mpweya kokulirapo.

Zinayamba liti zimenezi?

Mu 1880 William Fisher wa ku Marshalltown, Iowa, anapanga chipangizo chosunga presha ya pampu payokha, atatopa ndi kuwongolera pamanja mapampu a madzi a mzindawo pa nthawi ya moto waukulu. Kampani yake tsopano ili pansi pa Emerson. Samson ya ku Frankfurt, Germany, inayamba mu 1907. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930 Foxboro inatulutsa controller yampweya yotchedwa Stabilog, ndipo mu 1942 John Ziegler ndi Nathaniel Nichols a ku Taylor Instruments anafalitsa njira yotcherera ma controller yomwe ikuphunzitsidwabe. Kuchokera nthawi imeneyo ma controller asanduka makompyuta, koma diaphragm ndi sipuling'i sizinasinthe kwenikweni.

Ndisamale chiyani pokonza vavu yotere?

Yambani ndi paipi. Tsekani mavavu a pamanja a mbali zonse ziwiri, akhomeni ndi loko yanu, tulutsani presha ndi madzi otsalira pakati, ndipo dikirani kuti chitsulo chizizire. Dziwani kuti m'kati mwa bonnet, mu packing ndi m'mimba mwa ball mukhoza kutsala presha ngakhale geji ikuonetsa ziro, choncho masulani manati pang'onopang'ono mutaima pambali.

Kenaka uzani a m'chipinda choyang'anira makina, dulani uthenga, tsekani mpweya ndi kutulutsa wotsalira, osaiwala wa m'kathanki kosungira ngati kalipo. Manja asakhale pakati pa ndodo ndi chimango cha actuator pa nthawiyi, chifukwa mpweya ukamachoka sipuling'i imasuntha ndodo ndi mphamvu yonse ija ya makilogalamu mazanamazana. Ngati fakitale yanu imalowetsa nayitirojeni m'mapaipi a mpweya kompuresa ikaima, musautulutsire m'kachipinda kotsekeka, popeza ilibe fungo ndipo imakomola munthu asanazindikire.

Choopsa kwambiri ndi chimutu chenichenicho. Masipuling'i a m'kati amakhala ofinyidwa ngakhale mulibe mpweya. Pa ma actuator okhala ndi nati yosinthira sipuling'i, bwezani natiyo mpaka sipuling'i imasukiretu musanakhudze mabawuti a chivundikiro. Pa ena mudzaona mabawuti angapo ataliatali pakati pa aafupi. Chotsani aafupi poyamba, kenaka masulani ataliwo mosinthanasinthana, pang'onopang'ono, kuti chivundikiro chikwere mofatsa mpaka masipuling'i atheretu mphamvu. Ma actuator ena ali ndi sipuling'i yotsekeredwa m'chitini chowotcherera, ndipo chimenecho sichidulidwa, chimasinthidwa chathunthu.

Mukamaliza kumanga, onani kuti muvi wa pa thupi ukuloza komwe madzi amalowera, yendetsani vavu pa 0, 25, 50, 75 ndi 100 peresenti pokwera ndi potsika, ndipo musanaibwezere kwa oyendetsa makina tsekani mpweya muone ndi maso anu ngati yalowera mbali yomwe chojambula chikunena.